Amayi ndi Utsogoleri m'Chipembedzo cha Chibaha'i: Mkangano pa Liwu Limodzi

M'chaka cha 1848, pamsonkhano wa otsatira Báb m'mudzi wa Badasht ku Persia, mlakatuli Táhirih adatulukira pamaso pa amuna atavula nsalu yophimba kumaso. Ambiri adaona ngati malaulo, ena nkuthawa. Mayiyu adaphedwa ku Tehran mu 1852, koma Abaha'i, amene chipembedzo chawo chidaphuka m'gulu la Báb, amamkumbukira monga mtsogoleri wolimba mtima.

Bahá'u'lláh adaphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi ngofanana pamaso pa Mulungu, ndipo mwana wake 'Abdu'l-Bahá adawayerekeza ndi mapiko awiri a mbalame. Komabe chiphunzitsochi chidatenga nthawi kuti chilowe m'mabungwe. Bungwe la Abaha'i lomwe lidasankhidwa ku Chicago mu 1901 lidali la amuna okhaokha, ndipo amayi, makamaka Corinne True, adadandaula. Khomo lidatsekuka mu 1912, pamene 'Abdu'l-Bahá adacheza ku America. Ku Iran amayi adaloledwa kusankhidwa mu 1954.

Pa nthawi za mavuto, amayi ndiwo adasenza mtolo. Mu 1922 Shoghi Effendi, atafooka ndi chisoni cha imfa ya agogo ake, adachoka ku Haifa nasiya zonse m'manja mwa Bahíyyih Khánum, mwana wamkazi wa Bahá'u'lláh. Shoghi Effendi atamwalira ku London mu 1957, mkazi wake Rúhíyyih Khánum adali mmodzi wa amene adasunga chipembedzochi mpaka 1963.

M'chaka chimenecho mudasankhidwa bungwe lalikulu koposa, Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse, la mipando 9 imene amakhalapo amuna okha. Gwero la lamuloli ndi liwu la Chiarabu lakuti rijál, kutanthauza amuna, limene buku la Kitáb-i-Aqdas limatchulira mamembala ake. Mu 1988 akatswiri ena a Chibaha'i adanena kuti Bahá'u'lláh adalembanso kuti akazi a nyengo ino awerengedwe monga rijál. Bungwelo lidayankha chaka chomwecho kuti 'Abdu'l-Bahá ndi Shoghi Effendi adamasulira kale liwulo, ndipo kumasulira kwawo sikungasinthidwe.

Lero amayi amasankhidwa m'mabungwe a m'madera ndi a mayiko, amakhala alangizi a makontinenti, ndiponso amaponya nawo voti posankha amuna 9 aja. Pamipandoyo pokha ndi pamene sakhalapo. 'Abdu'l-Bahá adalonjeza kuti chifukwa chake chidzadziwika m'tsogolo. Okhulupirira ambiri akudikira mofatsa, ena akufunsabe.