Mbiri ya Lendi pa Maesiteti a Kum'mwera

Lero tikambirane za lendi, ndiyo ndarama imene munthu alipira pokhala pa malo a mwini. Mbiri ya maesiteti a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi ozungulira Blantyre itiphunzitsa kuti lendi yopitirira mphamvu ya wolipira imasautsa onse awiri, wokhalapo ndi mwini malo yemwe.

Kuyambira caka ca 1892 Bwana Harry Johnston anapatsa Azungu makalata otsimikiza kuti malo amene anati anagula kwa mafumu ndi ao. M'makalata ambiri munali mau akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe. Koma mau amenewa sanateteze Alomwe amene anafika pambuyo pace kucokera ku Mozambique. Iwo analipira malo ndi nchito ya manja ao, ndiyo thangata ija akuluakulu amaikumbukirabe. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali cimodzi mwa zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe m'caka ca 1915.

M'caka ca 1928 Boma linaika lamulo latsopano. Munthu akanatha kulipira lendi ndi ndarama, kapena ndi nchito, kapena pogulitsa mbeu zace kwa mwini esiteti. M'maboma ambiri lendi inali £1 pa caka. Lamulo lomwelo linalola mwini malo kucotsa munthu mmodzi mwa khumi pa zaka zisanu ziri zonse, osanena cifukwa. Linamlolanso kukaniza mkamwini kumanga pa mudzi wa mkazi wace, ndipo inu mafumu mudziwa m'mene zotere zipasulira mudzi.

Tsono mvetsani mbali ya eni malo. M'zaka za m'ma 1930 mitengo ya fodya ndi thonje inagwa. Eni maesiteti ambiri analibe nchito yopatsa anthu, ndipo anthu analibe kopeza ndarama ya lendi. Ngongole zinaunjikana. Mwini akafuna kucotsa osalipira, Bwana D.C. anayenera kuwapezera pokhala pena, koma malo a mafumu oyandikana nao anali atadzaza kale, motero Boma linazengereza. Mwini anatsala ndi malo akuru osampindulira, pamene anthu anagona ndi mantha osadziwa ngati adzakolola cimene anabzala. Munthu wamantha otere samanga nyumba yolimba, sabzala mitengo, ndipo sasamala nthaka.

M'caka ca 1946 Bwana Sidney Abrahams anafufuza za malo, nalangiza kuti Boma ligule malo a maesiteti osalimidwa ndi amene panali midzi yambiri. Kugulako kunayamba, koma kunayenda pang'onopang'ono. Pambuyo pa lamulo la 1952 lendi inakwera kufika 52s. 6d. Anthu ambiri okhala pa malo a British Central Africa Company anakana kulipira, ndipo kampaniyo inawapatsa makalata owacotsa. Mu August 1953, caka cimene citaganya ca Federation cinayamba, cipolowe cinabuka ku Thyolo nicifalikira m'maboma ena, ndipo anthu 11 anafa. Zitatero, makampani anaona kuti kugulitsa malo kwa Boma kunali kwabwino koposa kulimbana ndi anthu. Thangata inatha ndi lamulo la 1962.

Masiku ano obwereketsa malo ndife tomwe. Wina abwereketsa munda kapena dimba, wina wamanga nyumba za lendi kufupi ndi tauni. Cifukwa cace alimi, pobwereka kapena kubwereketsa, panganani pamaso pa mfumu ndi mboni, ndipo panganolo lilembedwe: mtengo, nthawi yolipira, ndi nyengo imene lidzatha. Eni malo, ikani mtengo wolingana ndi zimene munda utulutsa, pakuti lendi yocepa yolipidwa caka ndi caka iposa yaikuru yongotsala m'buku la ngongole. Inunso mafumu, musalole munthu kucotsedwa mbeu zace ziri m'munda. Mlandu wotere uweruzeni usanakule, mutamva mbali zonse ziwiri. Tsalani bwino nonse.