Ukonde ndi khola ku Dabanyi

Dambo limene pamapu limalembedwa kuti Elephant Marsh, makolo athu Amang'anja ankalitcha Dabanyi. David Livingstone atadutsako mu 1859 anaona njovu pafupifupi 800. Ng'ombe zinali zosowa m'chigwa muno. Anthu ankadalira madimba, mapira ndi thonje.

Zinthu zinatembenuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Nyanja inakwera, Shire n'kusefukira, madimba ambiri n'kumira, ulimi wa thonje n'kulowa pansi. Ena anapita kukagwira ntchito kunja, ena anasema mabwato n'kugwira ukonde, ndipo nkhondo yachiwiri itatha makola anayamba kuchuluka. Usodzi wa malonda ndi ng'ombe za ku Ngabu ndi Bangula ndi ana a chigumula chimodzi, koma anakula osadziwana.

Ine ndinakulira pafupi ndi doko, kufupi ndi Chiromo. Amayi akamatumbula mlamba ndi mphende kuti awambe, matumbo ndi mamba tinkataya m'bango, agalu ndi akhwangwala n'kumalimbirana. Mu Okutobala, msipu utapsa ndi dzuwa, ng'ombe za amalume zinkaoneka nthiti, zikungonyambita madeya pang'ono. Palibe amene ankaganiza kuti zotayidwa pa doko zingalowe m'khola.

Kwina anthu anaganiza. Ufa wabwino wa nsomba umakhala ndi mapulotini oposa 60 pa 100 alionse, ndipo matumbo akhoza kuvundikiridwa pamodzi ndi molasesi, amene amatsala popanga shuga ngati ku Nchalo, kuti asawole. Koma ku Ulaya, matenda a misala ya ng'ombe atabuka ku Britain mu 1986, anadzaletsa mu 2001 kudyetsa ng'ombe ufa wa nsomba, poopa kuti ungasakanikirane ndi ufa wa nyama.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china. Kwathu mutu wa mlamba si chotaya, ndi ndiwo. Ngakhale zinyenyeswa zotsala pansi pa dengu pamsika wa Bangula, mayi wosauka amagula n'kuphikira ana. Malonda a chakudya cha ziweto akadzakoma, wa khola lalikulu adzampambana mtengo mayi ameneyu.

Alangizi athu a ziweto ku Ngabu, yesani njira ya molasesi ija pa ng'ombe zochepa, ndi matumbo ndi mamba okha. Chimene munthu angadye chisapite kukhola.