Manja Amene Anamanga Sukulu za Kwathu

Komiti inandipempha kuti m'lipoti la chaka chino ndilembemo mau pang'ono onena za m'mene sukulu za kuno ku Biriwiri ndi za m'boma lonse la Ncheu zinamangidwira. Chifukwa chache nchakuti pa misonkhano yathu pamamveka funso lakuti, kodi kukonza sukulu ndi nchito ya yani? Ena amati nja Boma, ena amati nja mishoni, enanso amati tidikire abwenzi a kunja. Tiyeni tione chimene mbiri itiuza.

Maphunziro a m'kalasi anafika m'dziko la Inkosi Gomani ndi amishoni. Ansembe a Montfort anakhazikika pa Nzama m'chaka cha 1901, ndipo a Dutch Reformed anatsegula Mlanda mu 1902. Nthawi imeneyo nkuti a Zambezi Industrial Mission ali kale pa Ntonda, a Baptist ali pa Gowa. Koma tisayese kuti amishoniwo anamanga okha. Nyumba za njerwa zinali pa siteshoni pokha. Ku midzi sukulu inali ya mitengo ndi dothi. Mfumu ikavomera, amuna ankadula mitengo ndi kusenda luzi, akazi namweta udzu, natunga madzi, nazira pansi. Nyumba yomweyo inali sukulu pakati pa mlungu, ndi chalichi tsiku la mapemphero. Ana ankakhala pa zipika, nayamba kulemba ndi chala pa dothi asanaone sileti.

Boma la Atsamunda linachedwa kulowapo. Thandizo lache loyamba, mu 1907, linali £1,000 yokha yogawana mishoni za dziko lonse, ndipo Dipatimenti ya Maphunziro inayamba mu 1926. Nchifukwa chache mabungwe onga lathuli, kuyambira North Nyasa Native Association ya 1912, ankadandaula kawirikawiri kuti anthu akukhoma msonkho koma ana ao alibe pophunzirira pabwino.

Pano ndipemphe tisiyanitse zinthu ziwiri. Mau akuti thangata poyamba anali kunena kuthandizana, koma m'minda ya Azungu anasanduka nchito yokakamiza, ndipo anthu anadana nayo. Dima ndi ina: munthu aitana anzache, agwira nchito mokondwa, namwera pamodzi thobwa. Sukulu imene yamangidwa ndi mtima wa dima eni ache amaisamala. Yomangidwa moopsezedwa imagwa anthu akuyang'ana.

Titalandira ufulu mu 1964, nchito zodzithandiza zinakula, ndipo pa Sabata ya Achinyamata anthu ankaumba njerwa za makalasi ndi nyumba za aphunzitsi. Kuyambira 1986 abale athu a ku Mozambique, pothawa nkhondo, anadzaza midzi ya m'malire muno, Biriwiri pamodzi. Ana anachuluka, nkhuni ndi madzi zinachepa, kufikira mtendere wa 1992 utawatsegulira njira yobwerera kwao.

Mu 1994 Boma linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anaonjezereka m'sukulu za dziko lino nthawi imodzi. Walira mvula walira matope: makalasi anachepa, ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo. Pamene thumba la MASAF linayamba kuthandiza, linkapereka simenti ndi malata, koma njerwa, mchenga ndi miyala zinali za eni mudzi. Onani, mabwana ndi madona, kuti m'nyengo zonsezi mlendo anabwera ndi chache, koma khoma linakwera ndi manja athu.

Tsono phunziro lathu ndi ili. Abwenzi odzipereka amene atithandiza tiwalandire ndi manja awiri, koma akapeze njerwa zili pa uvuni. Njerwa ziumbidwe chilimwe, ziotchedwe mvula isanagwe, ndipo pa mtengo uliwonse tadula tibzalepo wina. Tisaiwale zimbudzi, pakuti kusowa kwache kumabweza atsikana osinkhuka, ndi nyumba ya mphunzitsi, pakuti wopanda pogona sakhalitsa. Mamembala okhala ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni atumize cha malata, ndipo Msungichuma awerenge buku lache poyera pa msonkhano uliwonse.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Makolo athu anasenza la udzu alibe ndalama; ife amene tinaphunzira pansi pache tisalephere kusenza la malata.