Dzina la Mkamwini

Nditayamba kuwerenga za banja la Ward la ku America, ndidadabwa kuti banja lalikulu chotere limadziwika ndi dzina la munthu amene adalisiya.

Tsinde lenileni la banjali ndi Nanyehi, mayi wa mtundu wa Cherokee wobadwira ku Chota cha m'ma 1738, m'dera lomwe lero ndi Tennessee. Acherokee adali ndi mafuko asanu ndi awiri, ndipo mwana ankatenga fuko la mayi ake. Nanyehi adali wa fuko la Mmbulu. Mwamuna wake woyamba, Kingfisher, adaphedwa pa nkhondo ya ku Taliwa mu 1755 polimbana ndi Acreek. Nanyehi adatola mfuti ya malemuyo ndi kumenya nawo nkhondo, choncho adampatsa udindo wa Ghigau, mayi wolemekezeka wokhala ndi mawu m'bwalo la mafumu.

Kenako kudabwera Bryant Ward, wamalonda wochokera ku Ireland. Inali nthawi imene a Scots-Irish, zidzukulu za Asikoti omwe adakakhazikika ku Ulster m'zaka za m'ma 1600, ankakhamukira kumapiri a Appalachia. Ward adakwatira Nanyehi, nabereka naye mwana wamkazi, Betsy, kenako adabwerera kwa mkazi wake wachizungu ku South Carolina. Azungu adayamba kumutcha mayiyu Nancy Ward, ndipo mabuku sadalisiyenso dzinali.

Ine ndidakulira m'mudzi wa chikamwini, ndiye nkhaniyi siyondivuta kumva. Ward adali mkamwini basi. Betsy adali wa Mmbulu, wa mbumba ya mayi ake, ndipo palibe Mcherokee akadamuyesa mzungu chifukwa cha bambo ake. Koma amene adagwira cholembera ankalondola mayina a abambo okha. Betsy atakwatiwa ndi Joseph Martin, nthumwi ya Virginia kwa Acherokee, ana ake adakhala a Martin. Catherine, mwana wa Kingfisher, zidzukulu zake zina zidakhala a Starr. Mmodzi wa iwo, Emmet Starr, ndiye adasonkhanitsa mibadwo ya Acherokee m'buku lake la 1921.

Mu 1817 Nanyehi, atakalamba, pamodzi ndi amayi ena adapempha mafumu kuti asagulitsenso nthaka. Malamulo a Acherokee a 1827 adapereka voti kwa amuna okha. Mu 1838 asilikali a America adakusa Acherokee ndi kuwathamangitsira kumadzulo, kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. Nanyehi sadazione izi. Manda ake adatsala pafupi ndi Benton, ku Tennessee.