Black Mamba: Kuchokera ku Chitowe Mpaka ku Moscow

Munthu akachoka pa boma la Nkhotakota kulowera kumpoto pa msewu wa M5, minda ya chinangwa ndi madambo a mpunga zimam'perekeza kwa nthawi ndithu, kenako nzimbe zimayamba, kumanzere ndi kumanja, mpaka kukafika pa Dwangwa. Tauniyi inakula chifukwa cha shuga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya Dwangwa Sugar Corporation, imene aliyense ankangoitchula kuti Dwasco, inatsegula fakitale pa chigwa cha mtsinje wa Dwangwa, ndipo anthu anakhamukirako kuchokera m'maboma osiyanasiyana kudzadula nzimbe ndi kudzayendetsa makina. Kampani yosonkhanitsa anthu ochuluka chotere kutali ndi mizinda inkayenera kuwapatsa nyumba, chipatala, sukulu ndi pocheza Loweruka masana. Motero kunabadwa timu ya Dwasco ndi bwalo la Chitowe, monga momwe ku Nchalo kunaliri timu ya Sucoma. Ndipo pa Chitowe pomwepo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, panatulukira mnyamata wosewera kutsogolo, wobadwa mu 1982, dzina lake Esau Kanyenda.

Mbiri ya Kanyenda anthu amakonda kuiyambira ku South Africa kapena ku Russia, ngati kuti za ku Dwangwa zinali zosewera ana. Ine ndimaona kuti mutu wa nkhani uli komweko. M'zaka zimenezo mpira wa m'Malawi unali pamsana pa makampani. Bullets inayamba kutchuka ndi dzina la Bata, Wanderers inanyamulapo dzina la Limbe Leaf kenako la kampani ya matelefoni, kunali MDC United, Admarc Tigers, ndi Silver Strikers ya banki yaikulu ya Reserve. Koma pafupifupi onsewa anali a ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Mwana wa kunyanja, wosewera mpira wachikulunga pamchenga asodzi akuyanika usipa, sakanaonedwa ndi aliyense pakanapanda timu yokhala ndi basi, jezi ndi malipiro pafupi ndi kwawo. Dwasco inkabweretsa matimu akuluakulu a m'tauni kunyanja, ndipo wosewera wabwino ankaonekera pamaso pa makochi a dziko lonse osasamuka n'komwe. Kanyenda anapita kunja asanavalepo jezi ya Bullets kapena ya Wanderers, chinthu chimene pa nthawiyo sichinali chofala.

Mu 2001 anatengedwa ndi Jomo Cosmos ya ku Johannesburg. Njira ya ku Joni si yachilendo kwa Amalawi. Agogo athu anaiyenda kupita ku migodi pansi pa Wenela ndi Theba, ndipo osewera mpira anaitsata pambuyo pake. Ernest Mtawali anali atatchuka kale ku Bloemfontein Celtic ndi ku Sundowns, John Maduka naye anali ku South Africa, ndipo Patrick Mabedi anali mzati wa otchinga kumbuyo ku Kaizer Chiefs. Koma Cosmos inali timu yamtundu wina. Mwini wake, Jomo Sono, amene anagula Highlands Park n'kuisintha dzina kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, analibe ochemerera ambiri ngati Chiefs kapena Pirates, choncho ndalama zake zinkachokera pa kupeza anyamata osadziwika, kuwasula, n'kuwagulitsa ku Ulaya. Phil Masinga ndi Mark Fish anadutsa m'manja mwake. Benjani Mwaruwari, wa ku Zimbabwe koma makolo ake ochokera ku Malawi, anachokeranso pomwepo asanakafike ku Auxerre ndi ku Manchester City. Wosewera aliyense wolowa pa Cosmos ankadziwa kuti pamenepo ndi pongodutsa.

Kanyenda anakapezako Tico-Tico wa ku Mozambique, katswiri womwetsa zigoli, ndipo timuyo inatenga chikho cha Coca-Cola mu 2002. Dzina loti Black Mamba linamumatirira chifukwa cha kasewero kake: liwiro, kuzemba pakati pa otchinga kumbuyo, ndi kuluma mwadzidzidzi goloboyi asanakonzeke. Sanali wosewera wonyadira mpira kumapazi kuti anthu aombe m'manja. Ntchito yake inali kuthamangira kumene mpira ukupita, ndipo wosewera wotere amagulika msanga kunja, chifukwa kochi aliyense amamvetsa chimene akugula ngakhale asakumvana chilankhulo.

N'chifukwa chiyani anapita ku Russia, osati ku England kapena ku France kumene anyamata amalota? Yankho lili pa ndalama ndi pa malamulo. Ku England wosewera wochokera ku dziko lotsika pa mndandanda wa FIFA sankapatsidwa chilolezo chogwirira ntchito mwachisawawa. Pamene ku Russia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndalama za mafuta ndi gasi zinali zitayamba kulowa mu mpira, ndipo matimu ankafuna osewera akunja otsika mtengo. Msika wa ku South Africa unawakomera. Jacob Lekgetho anali ku Lokomotiv Moscow, MacBeth Sibaya, amene naye anadzera pa Cosmos, anapita ku Rubin Kazan, ndipo mu mzinda wa Rostov-on-Don munadzaza anyamata a kum'mwera kwa Africa, monga Matthew Booth wa ku South Africa ndi Gift Kampamba wa ku Zambia. Kanyenda analowa m'gulu limeneli mu 2003.

Timu ya Rostov, kufikira chaka chomwecho, inkatchedwa Rostselmash, dzina la fakitale yopanga makina okololera tirigu. Mnyamata woleredwa ndi kampani ya shuga anakagwera m'manja mwa timu yobadwira pa kampani ya zaulimi, ndipo umu ndi momwe zinakhalira pafupifupi ulendo wake wonse wa ku Russia: Lokomotiv ndi timu ya njanji, KAMAZ ndi ya fakitale ya malole, Rotor ya ku Volgograd inayambira pa fakitale ya mathirakitala. Mpira wa dziko la Soviet Union unamangidwa pa nzeru yomweyo imene inamanga Chitowe, yoti wogwira ntchito amafuna timu yake. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko makampani ndi maboma a zigawo anapitiriza kunyamula matimuwo nthawi zitasintha.

Zovuta zake sizinali zochepa. Pa nthawiyo ligi ya ku Russia inkayamba mu Marichi n'kutha mu Novembala, kutanthauza kuti masewero oyamba ndi otsiriza ankachitika m'chipale chofewa, pa mabwalo ouma gwa ndi kuzizira. Munthu wokulira kunyanja, kumene timadandaula mphepo ya mwera ikaomba mu Juni, anayenera kuphunzira kuthamanga atavala zam'manja ndi chipewa. Maulendo okasewera koyenda anali a maola ambiri pa ndege. Chilankhulo chinali chachilendo mpaka zilembo zake zomwe. Komanso m'mabwalo ena a dzikolo osewera akuda ankanyozedwa poyera. Ngakhale Roberto Carlos, ndi kutchuka kwake konse, anamuponyera nthochi mu 2011. Ambiri mwa anzake ochokera kuno anakhalako zaka ziwiri kapena zitatu n'kubwerera. Kanyenda anakhalako pafupifupi zaka khumi, ndipo pa zonse zimene anachita kunja, chimenechi ndi chimene ine ndimachilemekeza kwambiri.

Pachimake panafika mu 2005, pamene zigoli zake za ku Rostov zinakopa Lokomotiv Moscow. Iyi sinali timu wamba. Inali itatenga ligi mu 2002 ndi mu 2004, inali ndi Dmitri Loskov, Marat Izmailov ndi Dmitri Sychev, ndipo chaka chimenecho mpira wa ku Russia unali pamwamba chifukwa CSKA Moscow inali itangotenga chikho cha UEFA. Apa ndi pamene pamachokera mawu amene amatchulidwa nthawi zonse dzina lake likamveka, akuti ndi Mmalawi woyamba kufika mu mpikisano wa UEFA Champions League. Tinene mosabisa kuti ulendo wa Lokomotiv chaka chimenecho unathera m'ndime yachipulula, itagonja kwa Rapid Vienna ya ku Austria, ndipo Kanyenda sanapeze malo okhazikika m'timuyo. Anasewera masewero ochepa, kenako anabwereketsedwa ku Rostov komwe anachokera. Ena amaona ngati uku kunali kulephera. Koma pa timu yaikulu chotere pamalo amodzi pamakhala anthu atatu kapena anayi, onse osewerera maiko awo, ndipo kochi amene anakugula akachoka amapita ndi mwayi wako.

Zotsatira zake zinali kutsika pang'onopang'ono. Rostov inatuluka mu ligi yaikulu mu 2007. Kanyenda anapita ku KAMAZ mu mzinda wa Naberezhnye Chelny, kenako ku Rotor Volgograd ndi ku Dynamo Bryansk, onsewa mu ligi yachiwiri, asanakakhale kanthawi kochepa ku B.93 ya ku Copenhagen, Denmark.

Chodabwitsa n'chakuti zaka zimene dzina lake linkazilala ku Ulaya ndi zomwe linawala kwambiri kuno kwathu. Flames, timu ya dziko lathu, inali itafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha COSAFA mu 2002 ndi mu 2003, n'kugonja kwa South Africa ndi Zimbabwe, koma ku mpikisano wa maiko a mu Africa inali isanabwerereko chichokereni ku Ivory Coast mu 1984. Mu 2008 Kinnah Phiri, amene anali womwetsa zigoli wa m'badwo wa 1978 ndi 1979 umene unatenga chikho cha CECAFA, anapatsidwa timuyo. M'masewero achipulula a mpikisano wa maiko a mu Africa, pa bwalo la Kamuzu, Malawi inathambitsa Djibouti 8-1, Kanyenda n'kumwetsa zigoli zitatu. Patapita masabata awiri Egypt, akatswiri a Africa pa nthawiyo, inagwa 1-0 ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto kwenikweni. Mu Okutobala, pa masewero oti wogonja atsale, DR Congo inatsogola, koma Kanyenda anabweza ndipo Msowoya anamaliza ntchito, 2-1. Amene anamvera masewero amenewa pa wailesi m'magolosale a pa Dwangwa ndi pa Nkhotakota ankamva dzina la mwana amene ena a iwo anamuonapo akusewera pa Chitowe.

Ndime yotsatira inali yowawa. Ku Abidjan mu Marichi 2009 Flames inagonja 5-0 tsiku limene anthu 19 anafa popanikizana polowa m'bwalo. Koma kupambana Guinea 2-1 ndi kulepherana mphamvu 1-1 ndi Ivory Coast ya Didier Drogba ku Blantyre zinakwanira kuti Malawi ipite ku mpikisano wa maiko a mu Africa ku Angola. Pa 11 Januwale 2010, mu mzinda wa Luanda, dzuwa likuswa mtengo, Flames inachinya Algeria 3-0, timu imene inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Zigoli zinali za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Kanyenda sanagoletse, ndipo kugonja kwa Angola 2-0 ndi kwa Mali 3-1 kunabweza timuyo kumudzi. Komabe m'gulu lija la Peter Mponda, Joseph Kamwendo ndi Robert Ng'ambi, iye ndi amene otchinga kumbuyo a maiko ena ankamudziwa dzina, ndipo pomulondalonda ankasiya mpata kwa anzake.

Pamene zimenezi zinkachitika, nthaka imene inamulera inali ikugumuka. Illovo inagula minda ya shuga ya Lonrho mu 1997, makampani a boma ambiri anagulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo eni ake atsopano ankawerengera mpira ngati ndalama yongotayika. MDC United inafa limodzi ndi kampani yake. Escom United, imene inatengapo ligi kawiri, inatha. Dzina la Dwasco linachoka mu Super League, ndipo Dwangwa United imene inadza pambuyo yakhala ikukwera ndi kutsika. Pa Chitowe mpira wa ligi yaikulu wakhala ukuoneka makamaka chifukwa cha Mafco, timu ya asilikali a ku Salima, imene yakhala ikugwiritsa ntchito bwaloli ngati kwawo. Njira ya kunja sinatsekeke: Gabadinho Mhango anafika ku Orlando Pirates, ndipo Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi anadzera ku Sweden ndi ku China asanakafike ku France ndi ku America. Koma Mhango anayenera kudzera ku Bullets, ndipo a Chawinga anaonedwera m'tauni. Mnyamata wa ku Nkhotakota lero amayenera kusamuka kaye kuti wina amuone.

Kanyenda atachoka ku Ulaya anabwerera ku South Africa, ku Polokwane City, timu imene inakwera mu ligi yaikulu mu 2013. Liwiro lija linali litachepa, koma nzeru ya pomwe mpira ugwere inalipo, ndipo anakhalako zaka zingapo monga mkulu pakati pa anyamata. Mu 2017, ali ndi zaka pafupifupi 35, anabwera kwawo n'kuvala jezi ya Be Forward Wanderers, ulendo wake woyamba kusewerera imodzi mwa matimu akuluakulu a m'dziko muno. Ambiri ankati wabwera kudzapuma. Manoma, monga Wanderers imatchulidwira, amene anali asanatenge ligi chichokereni mu 2006, anaitenga chaka chomwecho pansi pa kochi Yasin Osman, Kanyenda akugoletsa limodzi ndi anzake akale a mu Flames monga Kamwendo ndi Peter Wadabwa. Kumayambiriro kwa 2018 timuyo inalowa mu CAF Champions League n'kukumana ndi AS Vita ya ku Kinshasa, imene inaitulutsa m'ndime yoyamba ndi zigoli 6-1 pa masewero awiri.