Moyo wa Anthu Wamba ku America, 1920–1929

M'zaka zimenezi mabanja ambiri a m'mizinda ya ku America anayamba kukhala ndi magetsi, wailesi ndi galimoto. Mtengo wa galimoto ya Ford Model T unatsika kufika pa madola osakwana 300, ndipo katundu wambiri ankagulidwa pa ngongole yobweza pang'onopang'ono. Amayi anapeza ufulu wovota mu 1920, chaka chomwe boma linaletsa kugulitsa mowa. Kumidzi kunali mavuto: nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, mitengo ya tirigu ndi thonje inagwa, ndipo ngongole zinalanditsa alimi ambiri minda yawo. Anthu akuda ochuluka anachoka kummwera kukafuna ntchito ku Chicago, Detroit ndi New York. Msika wa masheya utagwa mu Okutobala 1929, ulova unafalikira m'dziko lonse.