Mbiri ya Kufufuta Zikopa ndi Makungwa a Mitengo

Kale lomwe, nsaru zisanacuruke m'dziko la Lilongwe, cikopa cinali cuma ca mtengo wapatali. Acewa ankasoka naco mbereko ndi mvukuto za osula, nakunga naco ng'oma. Ndipo Angoni, amene anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ankasema zishango zao pa zikopa za ng'ombe. Mafufutidwe ao anali akupala cikopa, kucidzoza mafuta, ndi kucifikisa ndi manja kufikira citafewa. Koma cikopa cotere cikabvumbwa kawirikawiri cimauma gwa, kapena kuola.

Mankhwala a bvuto limeneli ali m'makungwa. M'makungwa a mitengo ina muli khambi limene Azungu alicha tannin. Cikopa cikacotsedwa ubweya ndi phulusa kapena njereza, nicibviikidwa masabata kapena miyezi m'madzi a makungwa osinja, khambilo limalowerera mpaka m'kati, ndipo cikopaco siciolanso msanga.

Anthu a maiko ena anapeza cuma pa nzeru imeneyi. Mtengo wa wattle, wocokera ku Australia, unafika ku Natal m'caka ca 1864, ndipo makungwa ace anasanduka malonda akuru a kutsidya la nyanja. M'caka ca 1949 bungwe la Colonial Development Corporation linayamba minda ya mtengowo ku Njombe, m'dziko la Tanganyika. Komabe kuyambira 1884, pamene Augustus Schultz wa ku America analembetsa njira yofufutira ndi mcere wa chrome, mafakitale ambiri anasiya makungwa, popeza nchito ya miyezi inayamba kutha pa masiku owerengeka. Coipa ca njirayo ndi madzi ace otsala, amene amaononga mitsinje akatayidwa mosasamala.

Dziko la Lilongwe silinasowe ng'ombe, silinasowenso mitengo. Mombo, umene unkapatsa makolo luzi ndi ciwondo, uli nalo khambi lomwelo. Koma pamene mzinda unakula, nusanduka likulu la Malawi m'caka ca 1975, thengo lambiri linagwa. Yotsala ndiyo mitengo ya m'mipanda ya nyumba monga za ku Area 14, ndi nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre. Ku Dzalanyama mombo ukuthera m'ng'anjo za makala, makungwa ace napsera pamodzi. Zikopa zambiri zimaturuka m'dziko zosafufuta, pa mtengo wocepa, ndipo anthu amagula nsapato zosokedwa kunja pa mtengo waukuru.

Cifukwa cace nkoyenera kuti mamembala alingalire bwino za kubzala mitengo ya khambi, ndi kuphunzitsa anyamata nchito imeneyi, akuluakulu odziwa kupala cikopa asanathe.